Pampu ya dizilo: mbiri yobisika ya galimoto yogula kwa wina

Munthu akafuna kugula galimoto ya dizilo imene inayendapo kale m'manja mwa wina, maso ake amathamangira pa penti, pa matayala, pa mipando ndiponso pa nambala ya makilomita yomwe ikuoneka pa dashibodi. Zonsezi wogulitsa angathe kuzikongoletsa m'masiku awiri okha. Chimene sangathe kuchikongoletsa, chomwenso wogula sachiona, ndi m'kati mwa pampu ya mafuta, chitsulo chaching'ono chomangiriridwa pambali pa injini. M'menemo ndi momwe mwasungika mbiri ya dizilo yense amene galimotoyo inamwa chiyambire: kaya inamwapo madzi, kaya inathiridwapo palafini kapena petulo, kaya mwiniwake ankasintha fyuluta pa nthawi yake, kaya ankakonda kuyenda mpaka thanki kuuma. Pa galimoto zamakono nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kale, chifukwa pampu ikafa siipita yokha, imakokanso zipangizo zina zodula, ndipo ndalama yokonzetsera imatha kudya gawo lalikulu la mtengo umene munthu anagulira galimoto yonse.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyamba ndi m'mene injini ya dizilo imayatsira moto. Injini ya petulo ili ndi mapulagi othetheka moto omwe amayatsa mafuta osakanikirana kale ndi mpweya. Ya dizilo ilibe mapulagi otere, ndipo mahita amene amaoneka pamenepo ntchito yake ndi kungofunditsa m'silinda kuti galimoto ilire msanga kukazizira. Pisitoni imakankha mpweya wokhawokha n'kuupanikiza m'kampata kakang'ono mpaka utatentha kupitirira madigiri 500, ndipo pa nthawi yomweyo injekita imapopera dizilo mu mpweya wotenthawo, dizilo n'kuyaka yekha. Kuti ayake bwino ayenera kulowa ngati nkhungu osati ngati madontho, alowe pa muyezo woyenera, komanso pa kanthawi koyenera, ndipo zimenezi zimabwerezedwa kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Mphamvu yokankhira dizilo imeneyi amakaniko amaitcha pulesha, ndipo mwini wake ndi pampu. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 2 bar kapena kuposerapo pang'ono, pomwe pampu yamakono imakankha dizilo pa 1,600 bar, 2,000 bar, ngakhale kupitirira apo.

Mawu oti "pampu yafa" amasokoneza anthu chifukwa galimoto imodzi imatha kukhala ndi mapampu awiri a mafuta. Yoyamba ndi yaing'ono, yongokoka dizilo kuchokera m'thanki kudutsa mu fyuluta. Pa galimoto zina ndi yamagetsi ndipo imakhala m'thanki momwemo, pa zina ili m'mimba mwa pampu yaikulu, ndipo pamwamba pa fyuluta pamakhala kabatani kopopa ndi dzanja pochotsa mpweya. Yachiwiri ndi yaikulu ija, yopanga pulesha. Mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri, choncho makaniko akanena kuti pampu yafa, mwini galimoto afunse kaye kuti ndi pampu iti. Komabe ziwirizi zimayendera limodzi, popeza yaing'ono ikafooka, yaikulu imayamba kugwira ntchito ndi njala, ndipo njala imeneyi ndi imene imaipha pang'onopang'ono.

Mapampu aakuluwa si amtundu umodzi. Kampani ya Bosch ya ku Germany inayamba kupanga mapampu ochuluka a mtundu wa inline mu 1927, ndipo mpaka lero timawaona pa malole akale, pa mathirakitala ndi pa injini zina za pachigayo. Amenewa ali ndi timapisitoni tondandalikana, kamodzi pa silinda iliyonse, ndipo mbali yake ya pansi imathiriridwa ndi oyilo, n'chifukwa chake amapirira kwambiri dizilo woipa. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 kunabwera pampu yozungulira ya mtundu wa VE, yokhala ndi kapisitoni kamodzi kogawira masilinda onse. Mtundu umenewu, wopangidwanso ndi Denso ndi Zexel ku Japan, ndi umene uli pa injini zodziwika kuno monga 3L ndi 5L za Hilux ndi Hiace, 1HZ ya Land Cruiser, ndi TD27 ya Nissan. Kenako kunabwera common rail. Denso inaika koyamba dongosolo limeneli pa lole ya Hino mu 1995, ndipo mu 1997 linafika pa galimoto yaing'ono ya Alfa Romeo 156 pa pulesha ya 1,350 bar. Apa pampu siigawanso mafuta. Imangodzaza paipi imodzi yolimba, ndipo kompyuta ndi imene imatsegula injekita iliyonse ndi magetsi. Mukaona zilembo monga D-4D, CDI, TDCi, dCi kapena CRDi kumbuyo kwa galimoto, dziwani kuti ndi ya common rail.

Mfundo imene nkhani yonseyi yagonapo ndi iyi: kuyambira pa VE mpaka pa common rail, m'kati mwa pampu mulibe oyilo. Zitsulo zimene zimakhulana m'menemo zimatetezedwa ndi dizilo yemweyo amene zikupopa, ndipo ndi dizilo yemweyonso amene amaziziziritsa. Mpata wa pakati pa kapisitoni ndi chibowo chake ndi wa ma micron awiri kapena atatu, pomwe micron ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa ka 1,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu limakula ma micron 50 kapena kuposerapo. Kanthu kalikonse kosaoneka ndi maso kakalowa pamenepo kamakala chitsulo, ndipo chilichonse chochepetsa kuterera kwa dizilo chimachititsa kuti chitsulo chikhudzane ndi chinzake mwachindunji. Injini zakale zinkapirira chifukwa pulesha yake inali ya ma bar mazana ochepa chabe. Pa 2,000 bar kulekerera koteroko kulibe.

Kuterera kwa dizilo kumayezedwa mu labotale. Amakhula kampira kachitsulo pa kambale kachitsulo zonse zitamizidwa mu dizilo, kenako n'kuyeza chipsera chimene chatsala pa kampirako. Muyezo wa ku Ulaya wa EN 590 umalola chipsera chosaposa ma micron 460, pomwe wa ku America umalola mpaka 520. Pali chikhulupiriro chofala pakati pa madalaivala chakuti dizilo wa salufa wochepa ndi "wouma" ndipo amapha pampu. Chikhulupirirochi chili ndi pochokera, chifukwa pochotsa salufa poyenga mafuta pamachokanso timichere tina timene timapatsa dizilo kuterera, ndipo dziko la Sweden litayamba kugulitsa dizilo wotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mapampu ozungulira anaonongeka ambiri. Koma chiyambire nthawi imeneyo makampani oyenga amathiramo mankhwala obwezeretsa kuterera, moti dizilo wa salufa wochepa, wa 50 ppm kapena 10 ppm (kutanthauza magawo 50 kapena 10 a salufa pa magawo miliyoni imodzi a dizilo), wochokera pa malo omwetsera ovomerezeka ndi wabwino kwa pampu, ndiponso ndi amene injini zamakono zinapangidwira. Ena amathira oyilo wa njinga yamoto kapena wa giyabokosi m'thanki pofuna "kufewetsa" dizilo. M'maganizo mwanga khalidweli limangotonthoza mtima wa mwini galimoto, chifukwa silichotsa madzi kapena fumbi, omwe ndi adani enieni, ndipo pa galimoto yokhala ndi sefa ya utsi ya DPF limatha kubweretsa vuto lina.

Mdani wamkulu ndi madzi. Amalowa kudzera m'mathanki apansi ong'aluka m'nyengo ya dzinja, m'migolo yosatseka bwino, komanso amapangika okha m'thanki ya galimoto yokhala theka, pamene mpweya wonyowa uchita mame usiku. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amakhazikika pansi pomwe pampu imayamwira. Saterera, amachititsa dzimbiri pa zitsulo zosalala zija ngakhale galimoto itangoima masiku ochepa, ndipo pamalire pa madzi ndi dizilo pamaswana tizilombo tosaoneka timene timapanga matope akuda otseka fyuluta. Muyezo wa EN 590 umalola madzi osaposa mamiligalamu 200 pa kilogalamu ya dizilo, omwe ndi timadontho tochepa chabe pa lita. Pansi pa fyuluta pamakhala kampopi kotulutsira madzi, ndipo pa dashibodi pali nyali yake yochenjeza, koma pa galimoto zambiri zakale waya wa nyali imeneyi anaduka kapena anazulidwa kalekale, mwiniwake osadziwa n'komwe.

Palafini ndi petulo amapha mwa njira ina. Onse awiri amayaka mu injini ya dizilo akasakanizidwa pang'ono, moti galimoto imalira ndi kuyenda ngati palibe cholakwika, koma kuterera kwawo n'kochepa kwambiri, ndipo m'kati mwa pampu zitsulo zimakhala zikudyana. Munthu akathiridwa petulo mwangozi, chofunika ndi kusaliza injini, ngakhale kungotembenuza kiyi, chifukwa pa galimoto zina pampu ya m'thanki imayamba kupopa kiyi akangotembenuzidwa. Galimotoyo ikankhidwire pambali, thanki ikhuthulidwe yonse. Wina amene anayenda makilomita angapo asanazindikire, kenako n'kungodzazamo dizilo pamwamba, amasiya chilonda chomwe chimadzatulukira patapita miyezi, nthawi zina galimoto ili kale m'manja mwa munthu wina.

Apa ndi pomwe mbiri ya dziko lathu imalowera mu injini. Mafuta a ku Malawi amachokera kutali, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mu 2011 ndi 2012, komanso kangapo kuyambira mu 2022, anasowa kwambiri mpaka galimoto kumagona pa mizere. Pa nthawi ngati zimenezi anthu amagula wa m'zigubu kwa mavenda m'mbali mwa msewu, ndipo munthu amene ali ndi wodwala kapena katundu woti akafike sitingamudzudzule. Koma chigubu chimene dzulo munali madzi kapena mafuta ophikira, fanulo yodula kuchokera ku botolo la pulasitiki, kansalu kosefera kodzaza fumbi, ndi mwayi woti wina anaonjezeramo palafini, zonsezi zimakathera mu mpata wa ma micron awiri uja. Galimoto iliyonse ya dizilo imene inali pa msewu m'zaka zimenezi iyenera kuganiziridwa kuti inamwapo dizilo wotere, pokhapokha pakhale umboni wotsutsa.

Chitsanzo chodziwika padziko lonse cha m'mene pampu yamakono imafera ndi cha Bosch CP4, yomwe ili pa galimoto zambiri za dizilo za Volkswagen, Audi ndi BMW, komanso pa mapikapu akuluakulu a ku America. M'kati mwake muli kagudumu kachitsulo koyenda pamwamba pa shafuti yokhala ndi manundu. Dizilo akachepa kuterera, kapena mukalowa mpweya, kagudumuka kamasiya kugudubuzika n'kuyamba kukhwekhwereza, mwinanso kutembenukira cham'mbali, ndipo kamayamba kupala shafuti ija ngati tupa. Ku America nkhaniyi inafika m'makhoti, odandaula akunena kuti pampuyo siigwirizana ndi dizilo wa kumeneko, ndipo mu 2021 mapikapu a Ram oposa 220,000 a zaka za 2019 ndi 2020 anaitanidwa kuti akasinthidwe pampu. Chilungamo chake n'chakuti mapampu ambirimbiri a CP4 ayenda makilomita ochuluka ku Ulaya popanda vuto. Phunziro lake si lakuti pampuyo ndi yachabe, koma kuti malire ake opirira ndi opapatiza, ndipo galimoto yotere ikabwera kumalo komwe dizilo amadutsa m'manja ambiri, chiopsezo chimakula.

Choopsa pa imfa yotere ndi kumene nyenyeswa zachitsulo zimapita. Zina zimakankhidwira kutsogolo, kulowa m'paipi yaikulu ndi m'mainjekita onse. Zina zimabwerera ku thanki kudzera m'paipi yobwezera mafuta otsala, n'kumazungulira mobwerezabwereza. Ndinaonapo pa galaja ina makaniko atamasula fyuluta ya pikapu imene inangozima yokha pa msewu. Anakhuthulira dizilo wa mu fyulutayo m'mbale yoyera yachitsulo, n'kutuluka nayo panja padzuwa, n'kuipendeketsa pang'ono. Pansi pa mbaleyo panaoneka tinthu tonyezimira ngati mchenga wa mumtsinje, ndipo atayendetsa maginito kunsi kwa mbale, tina tinayamba kutsatira. Mwini galimoto anafunsa mtengo wa pampu yokha. Makaniko anapukusa mutu n'kunena kuti: "Bwana, apa si pampu yokha ayi. Mukaika yatsopano pa zinyalala izi, mwezi sutha mubweranso." Ankanena zoona. Kukonza koyenera kumafuna pampu, mainjekita onse, paipi yaikulu ndi masensa ake, mapaipi a pulesha, fyuluta, ndi kutsitsa thanki kuti itsukidwe, ndipo pa galimoto zambiri ndalama yake imawerengedwa m'mamiliyoni a makwacha.

Koma si vuto lililonse la pulesha limene lili imfa ya pampu, ndipo anthu ambiri ataya ndalama chifukwa chogamula msanga. Mapikapu ofala kuno monga Hilux ndi Fortuner za injini ya 1KD ndi 2KD, Navara D40, Triton ndi Isuzu ya injini ya 4JJ1 ali ndi pampu ya Denso HP3, yomwe pambali pake pali kavalavu kamagetsi kotchedwa SCV koyeza dizilo wolowa. Kavalavu aka kakayamba kumata, galimoto imachita befu, imazima poima, kapena imataya mphamvu mwadzidzidzi pokwera chitunda n'kubwerera mwakale mukaizimitsa ndi kuiliza kachiwiri. Kamasinthidwa pakokha, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi pampu yonse. Zizindikiro zofananazo zimabweranso ndi fyuluta yotsekeka, paipi yong'aluka yoyamwa mpweya, kasefa ka m'thanki kodzaza matope, kapena injekita imodzi yotha imene ikubweza dizilo wambiri ku thanki moti pulesha siikwera. Ngakhale batire yofooka imanamizira pampu, popeza common rail imafuna pulesha ya pafupifupi 200 mpaka 300 bar injini isanalire, ndipo sitata ikamazungulira mwaulesi pulesha imeneyi siifika.

Pali mtundu wina wapakatikati umene ogula galimoto zakale ayenera kuudziwa, wa Bosch VP44, womwe uli pa Nissan Patrol zoyamba za injini ya ZD30 ndi pa Isuzu ya 4JH1. Pampu imeneyi ili ndi kakompyuta kake pamwamba pake komwe kamaziziritsidwa ndi dizilo wodutsa, ndipo dizilo akamabwera mopereweza kakompyutako kamatentha n'kupsa, galimoto n'kuzima osaliranso ngakhale zitsulo zam'kati zili bwinobwino.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi zotsika mtengo. Amalumikiza kompyuta n'kuwerenga makodi, ndipo P0087 imatanthauza kuti pulesha ndi yochepa, P0088 kuti yakwera mopitirira, pomwe P0093 imasonyeza kuti dizilo akuthawira kwina. Koma kodi imangonena chimene kompyuta yaona, siitchula wolakwa. Choncho amayerekeza pulesha imene kompyuta ikupempha ndi imene ikupezekadi injini ikulira, amaika kapaipi koonekera m'kati kuti aone ngati muli thovu la mpweya, ndipo amalumikiza timabotolo ku injekita iliyonse kuti aone yomwe ikubweza dizilo wambiri kuposa zinzake. Pampu imatsitsidwa pomaliza, ndipo iyenera kukayezedwa pa benchi kwa akatswiri a mapampu. Chizolowezi cha injini zakale chomasula nati ya paipi ya injekita injini ikulira n'choopsa pa common rail, chifukwa dizilo wa pulesha yotere amaboola khungu n'kulowa m'mnofu, ndipo bala lake, ngakhale lioneke ngati kadontho, limafuna opaleshoni mwamsanga.

Tsono galimoto zimenezi zimachokera kuti? Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe la mu 2020 linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a ku Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zazing'ono zogwiritsidwapo ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo pafupifupi 40 pa 100 zilizonse zinabwera ku Africa. Kuno, popeza timayenda kumanzere kwa msewu, zambiri zimachokera ku Japan ndi ku Britain. Ku Japan galimoto yaing'ono imayezedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsaku n'kodula moti ambiri amasankha kugulitsa. Ku London, chiyambire 2019, galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa utsi wa Euro 6 imalipira £12.50 tsiku lililonse ikayenda m'dera loletsedwa, ndipo mu 2023 derali linakulitsidwa kufikira mzinda wonse. Zifukwa zoterezi zikusonyeza kuti galimoto zambiri zimagulitsidwa zili zabwino, ndipo zinakulira pa dizilo woyera wa 10 ppm. Vuto n'lakuti pakati pa zabwinozo pamakhalanso zimene mwiniwake anauzidwa mtengo wokonzera pampu ndi mainjekita n'kusankha kuitaya pa okushoni, ndipo pa chithunzi cha pa intaneti zonse zimawala mofanana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ulendo wobwera nawo uli ndi zake. Galimoto imaima milungu kapena miyezi pa yadi, pa doko ndi m'sitima, thanki ili pafupi kuuma, mpweya wonyowa wa kunyanja ukupanga mame m'kati. Ikatsika pa Dar es Salaam imayendetsedwa makilomita pafupifupi 1,500 kudzera pa chipata cha Songwe kuti ifike ku Lilongwe, pa fyuluta yomwe palibe akudziwa zaka zake, ndipo dalaivala amene wapatsidwa ndalama ya mafuta yowerengeka amakhala ndi chifukwa chofunira dizilo wotchipa m'njira. Pomwe ikukwera Chiweta pampu imayesedwa mwamphamvu. Amene akuitanitsa galimoto ya common rail angachite bwino kutumiziratu fyuluta yeniyeni kuti isinthidwe ulendo usanayambe, komanso kupempha malisiti a malo onse omwetsera mafuta.

Ngakhale zili choncho, ine ndimaopa kwambiri galimoto imene yayenda kale m'dziko muno m'manja awiri kapena atatu kuposa yongotsika m'sitima. Pampu siifa tsiku limodzi. Imayamba ndi kuchedwa kulira injini ikatentha, chifukwa dizilo wotentha amapyapyala n'kumathawira m'mipata yoperepeseka. Kenako mphamvu imachepa pa zitunda. Kenako nyali ya injini imayaka mwa apo ndi apo. Mwini wochenjera amadziwa tanthauzo la zimenezi ndipo amagulitsa nthawi isanathe. Makodi amafufutidwa ndi kompyuta m'mphindi imodzi. Injini imalizidwa wogula asanafike kuti asamve m'mene imavutikira kukazizira, ndipo ena amapopera mankhwala olizira ku fyuluta ya mpweya. Injini imatsukidwa mpaka kuwala kuti pasaoneke podontha. Makilomita amabwezedwa m'mbuyo. Satifiketi ya COF siitsimikizira kanthu pa nkhani iyi, popeza oyeza amaona mabuleki, nyali, matayala ndi zina zokhudza chitetezo pa msewu, samasula pampu.

Mapepala amathandiza kuposa m'mene ambiri amaganizira. Satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan imalemba makilomita amene anawerengedwa pa kuyezetsa kwa boma komaliza, ndipo pepala la ku okushoni limasonyeza giredi ya galimoto, pomwe chilembo R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Ya ku Britain mbiri yake ya MOT, komwe ndi kuyezetsa galimoto kwa chaka ndi chaka kumeneko, imapezeka mwaulere pa webusaiti ya boma la kumeneko pongolemba nambala yake yakale, ndipo imaonetsa makilomita a chaka ndi chaka. Galimoto ikasonyeza makilomita 90,000 pa dashibodi pomwe zaka zitatu zapitazo inalembedwa 160,000, palibenso chokambirana. Pa ya m'dziko muno, malisiti a sevisi osonyeza masiku amene fyuluta ya dizilo inasinthidwa ndi amtengo wapatali kuposa mawu okoma a dobadoba, ndipo wogula atsimikize ku MRA kuti msonkho unalipiridwa komanso ku ofesi ya Road Traffic kuti wogulitsayo ndi mwini wake weniweni, poyerekeza nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zili pa khadi.

Kuyesa kwenikweni kuchitike m'mamawa, galimoto itagona usiku wonse osalizidwa, ndipo wogula agwire yekha injini ndi dzanja kuti amve ngati ndi yozizira. Apite ndi makaniko wake, osati wosankhidwa ndi wogulitsa. Potembenuza kiyi aone ngati nyali ya injini ikuyaka kenako n'kuzima, chifukwa nyali yosayaka n'komwe ikhoza kukhala yozulidwa dala. Injini yabwino imalira m'masekondi ochepa n'kukhazikika. Utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa umene sukutha injini itafunda umaloza ku mainjekita kapena ku nthawi yoponyera mafuta, wakuda umasonyeza dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa, ndipo wabuluu ndi oyilo. Kenako galimoto iyendetsedwe kwa theka la ola kapena kuposerapo, ikwere chitunda chenicheni itanyamula anthu, kompyuta ili yolumikizidwa kuti makaniko aone ngati pulesha ikugwa pamene injini yalemedwa. Pobwerako izimitsidwe, ipume mphindi khumi, ilizidwenso ili yotentha. Chomaliza, chomwe ogula ambiri amachita nacho manyazi, ndi kupempha kuti dizilo wa mu fyuluta akhuthulidwire m'mbale yoyera. Wogulitsa wokana zimenezi, pomwe wogula wavomera kulipira fyuluta yatsopano, wayankha kale funso.

Pa galimoto zatsopanoko pali chinanso chofunika kufunsa. Zambiri zochokera ku Ulaya ndi ku Japan zili ndi sefa ya utsi ya DPF, imene imadziyeretsa potentha mwaye pa ulendo wautali, ndipo zina zimafunanso madzi apadera ochepetsa poizoni wa mu utsi otchedwa AdBlue. Galimoto yongozungulira m'tauni siimaliza kudziyeretsa, ndipo pa injini zina dizilo woonjezera amene amaponyedwa pa ntchitoyi amatsikira mu oyilo. Oyilo akamakwera pa ndodo yoyezera m'malo motsika, kapena akamanunkha dizilo, ndi chizindikiro choipa. Ena amachotsa DPF n'kusintha pulogalamu ya kompyuta, ndipo ena amapezerapo mwayi wokweza pulesha kuti galimoto ikhale ndi mphamvu zambiri, zomwe zimafupikitsa moyo wa pampu ndi mainjekita.

Vuto likapezeka, chiyeso chimakhala chothamangira pampu yochotsedwa pa galimoto ina, monga zimene zimagulitsidwa ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande ndi ku Limbe. Pa injini ya 5L kapena TD27 zimenezi n'zomveka, chifukwa pampu ya VE imaphwasulidwa, kusinthidwa zam'kati ndi kuyezedwa pa benchi, ndipo odziwa ntchitoyi alipo ambiri. Pa common rail, pampu yakale yosayezedwa ndi mbiri inanso yobisika imene mukuionjezera pa yoyamba. Mainjekita ake ambiri ali ndi nambala yapaderadera yolembedwa pamutu yomwe iyenera kulowetsedwa mu kompyuta ya galimoto, apo ayi injini imagogoda ndi kufuka utsi. Mafyuluta achinyengo nawo ndi msampha: kunja amafanana ndi enieni mpaka bokosi lomwe, koma pepala lam'kati limalola fumbi la ma micron 20 kapena 30 kudutsa pomwe pampu imafuna sefa yogwira mpaka ma micron asanu kapena kucheperapo.

Kodi ndiye munthu asagule dizilo yakale? Yankho limadalira ntchito. Amene amanyamula katundu, kukoka ngolo kapena kuyenda maulendo aatali a M1 sabata iliyonse amapindula ndi dizilo, chifukwa imamwa pang'ono ndipo imakoka mwamphamvu. Amene amangoyenda kuchokera kunyumba kupita ku ofesi m'tauni, makilomita khumi patsiku, nthawi zambiri ndalama imene angapulumutse pa mafuta siingafike pa mtengo wa pampu imodzi, ndipo galimoto ya petulo ingamusunge bwino. Amene amakhala kutali ndi tauni, komwe kulibe kompyuta yoyezera ndipo dizilo amabwera m'migolo, injini yakale ya pampu ya VE ikhoza kumutumikira mokhulupirika kuposa yatsopano yowala, ngakhale ili yaulesi pa chitunda komanso yautsi. Ndipo aliyense wogula common rail asathere ndalama zonse pa mtengo wa galimoto. Asiye ina padera yokwanira mainjekita ndi pampu, kapena aichotseretu pa mtengo pokambirana.

Mgwirizano wogulitsana ulembedwe, utchule makilomita, nambala ya chasisi ndi zimene wogulitsa wanena zokhudza injini, ndipo ngati n'kotheka upereke masiku angapo oti galimoto ikhoza kubwezedwa pampu ikapezeka ndi vuto. M'sabata yoyamba thanki itsitsidwe ndi kutsukidwa, oyilo asinthidwe, waya wa nyali ya madzi ayesedwe, ndipo amene amayenda kumidzi aganizire zoika fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi patsogolo pa ya fakitale. Fyuluta yakale isatayidwe msanga. Makaniko aidule pakati, atambasule pepala lake padzuwa, ndipo pakaoneka tonyezimira pamapindidwe ake, galimoto isalizidwenso. Ijambulidwe zithunzi pamodzi ndi fyulutayo, ndipo wogula abwerere kwa wogulitsa tsiku lomwelo, pepala la mgwirizano lili m'manja.